Zithunzi za Msana wa Mzime

"Mwampatsa? Amayi, foni ija mwampatsa?"

Telala anafunsa asanatule n'komwe mtolo wa nsalu umene anakagula kumsika. Amayi ake anali pampando wa pafupi ndi zenera akupukuta magalasi awo, nkhope ili phee ngati munthu amene wangochita chinthu chabwino.

"Inali yako kodi?" anatero amayi. "Mwini wake wabwera, wapempha mwaulemu, ine ndapereka. Umafuna atiyese akuba?"

"Mwini wake ndi Mzime! Anachita kumugulira."

"Wogula ndiye mwini, mwana iwe. Ndipo tsitsa mawu, nyumba ino ili m'mbali mwa njira."

Mzime, mng'ono wake wa Telala, anali pansi pafupi ndi makina osokera akuyamwitsa mwana. Ankamutchula choncho chifukwa ndiye anali wotsiriza kubadwa, ndipo ngakhale tsopano anali ndi khanda lake, m'nyumbamo ankakambirana za iye ngati palibepo. Sanadzutse mutu. Anali atabwera masiku apitawo ndi chikwama chimodzi n'kunena kuti kwa mwamuna wake sabwererako. Atamufunsa chifukwa chake anangoti, "Amandimenya." Basi.

Vuto linali loti mwamunayo anali Aulemu. Dzinali anapatsidwa ndi anthu chifukwa ankapereka moni ndi manja awiri ngakhale kwa mwana wa sukulu. Anali ndi shopu ya matabwa komanso galimoto imene inkanyamula amayi kupita nawo kuchipatala matenda a shuga akavuta. Munthu wotere ukanena kuti amamenya mkazi, anthu amayamba ayang'ana iwe. Ndiponso anali wochenjera: kumaso sankakhudzako. Ankamenya kumsana ndi m'ntchafu, malo amene diresi imabisa, n'kumutsekera mkaziyo m'nyumba mpaka mikwingwirima itazilala. Kenako ankabwera ndi chipepeso. Chipepeso chachikulu chinali foni ija, yatsopano, ya maso atatu kumbuyo, ndipo ndi foni yomweyo Mzime anadzijambula pagalasi la kuchipinda tsiku limene anamenyedwa komaliza.

"Mukudziwa chimene aifunira foniyo?" anatero Telala akuponya nsalu patebulo. "Akufuna akafufute zithunzi."

"Zithunzi, zithunzi! Mwandigonthetsa nazo m'khutu."

"Ndinakuuzani kuti muzione. Munati maso akuwawa."

"Ankawawadi."

"Amangowawa ikakhala foni ya Mzime? Dzulo lomweli mumalowetsa ulusi pasingano popanda magalasi."

"Iwe, pakamwa pakopo ndi pamene panathawitsa amuna onse. Ine ndinakhala ndi malemu bambo anu zaka zonse zija, ukuyesa kunali kuseka kokhakokha? M'nyumba anthu amayambana. Mwana uyu akufuna bambo ake."

Telala anaseka. Sanali munthu wolira msanga. Akapsa mtima ankaseka, ndipo amene ankamudziwa ankayamba kusendera kutali.

"Chabwino, afufute. Afufute mpaka chala chitupe. Mukuyesa ine ndimagona? Dzana ndinalumikiza foniyo ndi chingwe, zithunzi zonse ndinazikokera mu kompyuta yanga."

Apa m'pamene Mzime anadzutsa mutu.

Kompyutayo inali laputopu yakale imene Telala anaigula kwa munthu wina kuti aziwonetserapo makasitomala masitayilo a madiresi. Inkadzuka ngati nkhalamba, kuyamba yapumira m'mwamba kaye. Telala anaiika patebulo, n'kukoka mpando wa amayi mpaka pafupi.

"Valani magalasi. Lero maso asawawe."

Anatsegula malo amene anasungamo zithunzizo. M'malo mwa zithunzi munali timapepala toyera, titafola m'mizere, topanda ngakhale kadontho. Anadina kamodzi. Kompyuta inaganiza, n'kuyankha m'Chingerezi kuti fayilo ya mtundu umenewu siyikuidziwa. Anadina kena, yankho lomwelo. Anadina mwamphamvu, ngati kuti kompyuta imamva kuwawa, koma sizinathandize.

Amayi anawerama, magalasi ali pamphuno.

"Ndiye mabala ake ndi amenewa? Ine ndikuona mapepala oyera."

"Zilimo, amayi. Ikungokana kutsegula."

"Ngakhale makina akana kukuthandiza kunama." Amayi anavula magalasi, ndipo mawu awo anali opepuka moti Telala anamva kuwawa mumtima. "Mverani nonse. Amalume anu abwera Lamlungu, apongozi anganso abwera. Tikhala pansi. Ngati palibe chooneka, Mzime abwerera kunyumba kwake. Ine sindingapasule banja la mwana wanga chifukwa cha mapepala oyera."

Madzulo ake Mzime anamupeza mkulu wake kuseri kwa nyumba akuanula zovala.

"Achemwali, zafufutika eti?"

"Sizinafufutike. Ndayang'ana bwino, kalikonse kali ndi kulemera kwake kolembedwa pambali. Chinthu chopanda kanthu chingalemere? Ndi thumba lomangidwa limeneli, tingopeza wolimasula."

"Nanga akapanda kupezeka?"

"Gwira kuno tipinde shiti iyi. Ine ndinalepherapo chiyani?"

Malo otsukira zithunzi analipo awiri. Ena anali pa siteji ya basi, koma pamenepo pankadzaza anyamata amene amaunjikana kumbuyo kwa aliyense wokhala pa kompyuta. Telala sakanapititsa msana wa mng'ono wake kumeneko. Anapita kwa mayi wina amene anali ndi kashopu kuseri kwa sitolo ya mankhwala, amene aliyense ankangowatchula kuti Mayi a Zithunzi. Anali mayi wonenepa, wosafulumira, wokhala ndi kapu yaikulu ya tiyi pambali pa makina osindikizira tsiku lonse.

Anabaya pa kompyuta yawo fulashi imene Telala anakoperamo zithunzizo, n'kuyang'ana pang'ono chabe.

"Aa, ndi zimenezi? Sizinawonongeke izi. Taonani kumapeto kwa dzina lililonse, pali zilembo zinayi, HEIC. Mafoni atsopanowa amasunga zithunzi mwa njira yawoyawo kuti zisadye malo ambiri. Kompyuta yanu ndi yakale, imadziwa za JPG zokha. Ili ngati munthu amene mwamulankhula chinenero chimene sanaphunzire."

"Ndinanena ine! Ndiye titani?"

"Tizitembenuza. Zichoke ku HEIC zipite ku JPG, basi kompyuta iliyonse izitsegula. Pa intaneti pali malo otembenuzira mwaulere, koma pamenepo umayenera kutumiza chithunzi chako kwa anthu osawadziwa. Ndi zithunzi za chiyani, za ukwati?"

Telala anadzuka, n'kukatseka chitseko cha shopu.

"Za ukwati ndithu," anatero.

Mayi a Zithunzi anamuyang'ana, n'kusuntha kapu ya tiyi.

"Ndiye sizituluka m'chipinda chino. Ndili ndi pulogalamu yanga yomwe imagwira ntchito popanda intaneti."

Anasankha zonse pamodzi n'kudina. Kamzere kobiriwira kanayenda pang'onopang'ono mpaka kumapeto, ndipo timapepala toyera tija tinayamba kusanduka zithunzi, china pambuyo pa chinzake.

Telala anali ataziona kale pafoni, koma pafoni zinali zazing'ono, zotheka kuziphimba ndi chala. Apa msana wa Mzime unadzaza galasi lonse la kompyuta. Mizere ya lamba inadutsana kuchokera paphewa mpaka m'chiuno, ina yofiira, ina yakuda, ndipo pansi pa phewa lamanzere panali chidindo cha chitsulo cha lambayo, changodya zinayi, chooneka bwino ngati anachita kuchijambula ndi cholembera. Msana umenewu Telala ankausambitsa uli waung'ono.

"Ndi mng'ono wanu?" anafunsa Mayi a Zithunzi.

"Ee."

"Ndikutsukirani zazikulu. Koma zoyambirira zija musazifufute, muzisunge mmene zilili."

Pobwerera kunyumba, envulopu ili m'chikwama, Telala ankayenda ngati msewu wonse ndi wake. Mawu atsopano aja ankamukomera m'kamwa. Kutembenuza. Iye amene amayi ankati anathawa sukulu chifukwa cha makina osokera, lero watembenuzitsa zithunzi.

Lamlungu amalume anafika atavala jekete ngakhale kunali kutentha. Anali mchimwene wawo wa amayi, munthu wosakhala woipa mtima, koma wokonda mawu kuposa nkhani. Ankatha kugwira liwu limodzi n'kulizunguza mpaka tiyi kuzizira. Aulemu anabwera ndi jumbo ya malalanje a amayi, anakana mpando wabwino, n'kukhala pakampando kafupi manja ali pakati pa mawondo.

"Ine ndabwera kudzamva, amalume," anatero. "Ngati ndinalakwa, mundidzudzule ngati mwana wanu."

Telala sanadikire kuti amalume amalize mawu awo otsegulira. Anatulutsa zithunzi n'kuziyala patebulo pakati pa makapu.

Amalume anakweza chimodzi, n'kuchibweza msanga. Amayi anayang'ana, ndipo Telala anaona milomo yawo ikunjenjemera. Dzanja lawo linayamba kupita ku chithunzi cha chidindo cha lamba chija, n'kuima panjira.

"Koma ine ndinamva kuti kompyuta inakana," anatero amalume potsiriza. "Izi zachokera kuti?"

"Inakanadi, amalume," anayankha Telala, chifuwa chili patsogolo. "Ndiye ndinapita nazo kushopu, ndakazitembenuzitsa."

Aulemu anadzutsa mutu pang'onopang'ono.

"Pepani alamu, sindinamve bwino. Mwati mwazitani?"

"Kuzitembenuza. Simukudziwa?"

"Amalume, mwamva nokha. Ine sindinanene kanthu." Mawu awo anali ofewa ngati akupepesa. "Amayi anaona ndi maso awo kuti zinali zoyera. Zapita kushopu, zatembenuzidwa, zabwerako ndi mabala."

"Ayi! Si choncho ayi!"

"Dikira, mwana wa mlongo wanga," anatero amalume akukweza chala, ndipo nkhope yawo inawala chifukwa anali atapeza liwu. "Kutembenuza ndi kutembenuza. Nkhani ikatembenuzidwa, wolakwa amasanduka wosalakwa. Iweyo ndiwe telala: ukatembenuza malaya, kunja kumapita mkati, mkati n'kubwera kunja. Kodi amakhala mmene analili?"

"Amakhala malaya omwewo, amalume!"

"Koma akuoneka mwina."

"Mverani. Palibe chimene chaikidwamo kapena kuchotsedwamo. Foni imasunga mwa njira ina, kompyuta imawerenga mwa njira ina. Tangosintha mtundu wake basi."

"Mtundu!" Aulemu anapukusa mutu mwachisoni. "Asinthanso mtundu. Ndiye kufiira konseku. Alamu, ndinakulakwirani chiyani?"

"Mtundu wa fayilo, osati wa utoto! Musadzipusitse dala!"

"Iwe!" anakalipa amayi. "Ukulankhula ndi mwamuna wa mng'ono wako."

"Ine zamakompyuta sindizidziwa," anapitiriza Aulemu, "koma ndimamva kuti masiku ano amatha kuika mutu wa munthu pa thupi la mbuzi. Ndipo apa ngakhale mutuwo palibe. Ndi msana chabe. Msana aliyense ali nawo."

Zinali zoona kuti nkhope sinkaoneka. Podzijambula, Mzime anali atafulatira galasi, foni ataikweza pamwamba pa phewa, ndipo inaphimba kumaso.

"Mwini wake ali pompano," anatero Telala. "Mzime, lankhula."

"Ndi msana wanga," anatero Mzime, maso ali pansi.

"Mkazi wanga," anatero Aulemu, ndipo misozi inabwera pa nthawi yake yeniyeni, "tinakankhanapo tsiku lina, sindikana. Ndinapepesa. Koma izi? Ndani akukuphunzitsa zimenezi?"

Telala anayang'ana amayi ake, ndipo anaona chimene chinamupweteka kuposa misozi yabodzayo. Kunjenjemera kuja kunali kutatha. Amayi ankafuna potulukira, ndipo amene anawatsegulira chitseko anali iye mwini, ndi pakamwa pake pomwe.

"Zotembenuza ine ayi," anatero amayi akukankhira zithunzizo kumbali. "Apongozi, mudzabwere Loweruka ndi galimoto. Mwanayu akhala atakonzeka."

Alendo atapita, Telala anamukokera mng'ono wake kuchipinda.

"Vala nsapato. Tipita kupolisi tokha."

"Ndiye amayi akakanena kumeneko kuti ndikunama? Ndidzalowera kuti, achemwali? Nyumba ino ndi yawo."

"Tichita lendi kachipinda. Makina ndili nawo."

"Mayi anga ali moyo, n'kumandidutsa pamsewu? Musadzivutitse. Ndinkadziwa kale kuti zitha chonchi."

"Unkadziwa bwanji?"

Mzime anayamba kupinda matewera a mwana.

Sabata imeneyo Telala anawononga diresi ya kasitomala, chinthu chimene sichinamuchitikirepo. Ankadzitukwana akupalasa makina. Kunyada! Ukanangoti ndakazitsukitsa, bwenzi zatha. Koma kudzitukwana sikumasoka chong'ambika, ndipo iye sanali munthu wokhala pansi n'kugwira tsaya. Anakulunga laputopu munsalu n'kupita kushopu kuja. Anapeza potseka, woyandikana nawo anati Mayi a Zithunzi apita kumaliro kwawo. Anapitanso mawa lake, potseka. Anadzawapeza Loweruka m'mawa, akusesa pakhomo.

"Mawu anu aja andipachika," anatero Telala asanapereke n'komwe moni.

Atawafotokozera, Mayi a Zithunzi anayamba kuseka, koma kusekako kunathera panjira.

"Akubwera kudzamutenga lero?"

"Lero lomwe lino."

"Ndiye tisatembenuze kanthu. Bweretsani kompyuta yanuyo tiiphunzitse kuwerenga zoyambirira zija mmene zinachokera mufoni. Pali kapulogalamu kochepa kongoikamo. Akafuna aitane aliyense wodziwa, adzaona kuti palibe anazikhudza."

Laputopu inadzuka mwaulesi wake uja. Telala ankapondaponda pansi, akuyang'ana kumsewu. Kapulogalamuko katalowa, timapepala toyera tija tinatseguka pa kompyuta yake yomwe, popanda kusintha dzina kapena chilembo.

"Izo. Koma dikirani," anatero Mayi a Zithunzi akuloza ndi chala. "Izi zothera ndi MOV bwanji simunabwere nazo tsiku lija?"

"Zimenezo ndinakokera kawiri molakwitsa. Mayina ake ndi ofanana ndi zinzakezo, ndiye pafulashi ndinangoika chimodzi chimodzi."

"Simunalakwitse. Mafoni amenewa akamajambula chithunzi amagwiranso kakanema kakafupi, kamphindi munthu asanadine ndi kamphindi atadina. Mawu omwe amalowa. Ambiri sadziwa n'komwe kuti foni yawo imachita zimenezo."

Anadina koyamba. Msana uja unayenda. Unakwera ndi kutsika ndi mpweya, foni inagwedezeka n'kutsika pang'ono, ndipo pagalasi panaoneka nkhope ya Mzime, diso limodzi ndi tsaya lonyowa. Chakumbuyo mwana ankalira.

"Nkhope yake iyo!" anakuwa Telala. "Ati msana aliyense ali nawo? Nkhope iyo!"

Sanadikire kuona zotsalazo. Anatseka laputopu, kuikumbatira pachifuwa, n'kutuluka chothamanga, nsalu yokulungira ija n'kuisiya pampando.

Galimoto inali itafika kale. Aulemu anaima pambali pake ndi amalume, akuwaonetsa matayala atsopano. Ataona Telala anavula chipewa.

"Alamu, mwadzuka bwanji? Mukuthamangira kuti ndi katundu?"

Telala anawadutsa ngati mtengo.

Kuchipinda anapeza amayi akulongedza okha chikwama cha Mzime pabedi. Mzime anali atakhala m'mphepete mwa bedilo, mwana ali kumsana, nsapato atavala kale. Telala anaika laputopu pamwamba pa chikwamacho.

"Chotsa chinthu chakocho, anthu akudikira."

"Adikire. Izi si zotembenuza, amayi. Izi ndi mmene zinatulukira mufoni, palibe munthu wazikhudza. Muone, kenako mumutumize ngati mukufuna. Ine chikwamachi ndikanyamula ndekha mpaka pagalimoto."

Anadina. Msana unapuma, nkhope inaoneka, mwana analira. Amayi anaumitsa khosi.

"Izinso mukhoza kupanga."

"Kulira kwa mdzukulu wanu simukukudziwa?"

Anadina kachiwiri. Dzanja la Mzime linkayesa kufikira bala la paphewa, ndipo anamveka akukoka mpweya m'mano. Mzime weniweniyo anali atadzuka pabedi, akuyang'ana modabwa.

"Achemwali, zimayenda? Ine sindinajambule kanema."

"Foni inajambula yokha."

"Ndiye lekani. Chomalizacho musatsegule. Chonde, achemwali."

Koma chala cha Telala chinali chitadina kale.

Pagalasi paja, kumbuyo kwa msana, chitseko cha chipinda chinali chotsegula. Pakhomopo panaima Aulemu, malaya ali kunja kwa buluku, lamba atamupinda m'dzanja. Sankakalipa. Mawu awo anali omwe aja ofewa, operekera moni.

"Kawaonetse amako. Akubweza konkuno."

Kakanemako kanathera pomwepo.

Telala anali atathamanga mtunda wonse uja ndi nkhope ya mng'ono wake basi, osadziwa kuti wanyamulanso zimenezi. Kwa nthawi yoyamba anawamvera chisoni amayi ake.

"Bwereza," anatero amayi.

Anabwereza.

"Bwerezanso."

Amayi anamvetsera mutu atapendeketsa, ngati mmene ankamvetserera dokotala. Kunja hutala ya galimoto inalira pang'ono, mwaulemu. Amayi anakhala pabedi, pamalo pamene Mzime anachoka, manja ali pamiyendo.

"Anakuuza zimenezi?" anafunsa akuyang'ana Mzime.

"Ee, amayi."

"Bwanji sunandiuze?"

"Ndinkaopa kuti zikhala zoona."

"Ndipo unabwerabe kwa ine."

"Ndikanapita kwa ndani, amayi?"

Amayi sanalire. Telala ankayembekeza kuti alira, ndipo anali atakonzeka kuwagwira, koma iwo ankangoyang'ana zovala za mwana zimene anazipinda okha bwinobwino m'chikwama muja. Kenako anadzuka, anakonza mpango kumutu, n'kutuluka. Telala anawatsatira mpaka pakhomo.

Aulemu anabwera chothamanga, manja awiri ali patsogolo.

"Amayi, chikwama chili kuti ndilandire? Musanyamule nokha ndi matenda anuwa."

"Apongozi," anatero amayi, mokweza moti mayi woyandikana nawo anasiya kuchapa, "munamutuma mwana wanga kuti adzandionetse."

"Amayi?"

"Munati kawaonetse amako. Wandionetsa. Ndakuonani ndi lamba m'manja, ndipo mawu anu ndawamva ndi makutu angawa."

Manja a Aulemu anatsika pang'onopang'ono. Anayang'ana amalume, koma amalume anali akuyang'ana mlongo wawo, kukamwa kuli yasa.

"Achemwali," anayamba amalume, "mwina izinso azitembe..."

"Achimwene, lowani mukaone nokha. Mukatuluka mudzandiuze liwu lake." Amayi anabwerera kwa mkamwini wawo. "Munandidziwa bwino, bambo. Munandinyamula pagalimoto iyi mpaka munadziwa mtengo wanga. Kunena zoona, mpaka m'mawa uno munalondola. Koma mwanayu sakwera. Lizani galimoto yanu muzipita."

"Amayi, tiyeni tikhale pansi tikambirane ngati..."

"Ine si mayi anu. Ndine amake a uyo."

Anatembenukira kwa Telala.

"Iwe, tseka bwino chinthu chakocho, usachigwetse. Uza mng'ono wako asavule nsapato. Kupolisiko ndikalankhula ndine."